Alamu Anga a Khukhi ndi Ketulo Yawo

Alamu anga sanatulukepo m'dziko muno, pasipoti sadziwa n'komwe kuti imakhala ndi masamba angati, koma mukanawamva kale akukamba za mayiko a eni mukanaganiza kuti anabadwira m'ndege. Mayiko onsewo anawayenda ataimirira pamalo amodzi, kutsogolo kwa chitofu, atamanga epuloni. Kuyambira ali mnyamata ntchito yawo inali yophikira alendo ochokera kunja, aja amabwera kudzagwira ntchito zaka zingapo kenako n'kulongedza katundu, n'kusiyira mnzawo nyumba, galu ndi wophika yemwe. N'chifukwa chake mumsewu wathu dzina lawo lenileni linatayika kalekale. Aliyense amangoti a Khukhi, ndipo ngakhale mkazi wawo, achemwali anga, ankawatchula choncho.

Ine ndine woluka tsitsi, ndipo anthu amati pakamwa panga sipatsekeka. Sindikana. Ndi alamu angawa tinayamba kukangana tsiku lomwe anafika kwathu atavala jekete yobwereka yowapitirira m'manja, ndipo mpaka lero sitinagwirizanepo pa nkhani iliyonse. Ndi munthu wamfupi, wowonda, waukhondo mpaka kukhumudwitsa. Zikhadabo amawenga mpaka pa mnofu, ndipo m'mikono mwawo muli mizeremizere ya zipsera za chitseko cha uvuni. Zaka zonse zimene ankaphikira alendo sindinawaonepo akudya atakhala pansi. Ankadya chiimire, msana atatsamira khoma, maso ali kukhomo ngati pali wina amene awaitane nthawi ina iliyonse.

Achemwali anali osoka. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ina yogulitsa utoto ndi misomali, ndipo munthu unkawamva kuseka usanakhote n'komwe pakona. Anali mayi wathupi, wa mikono yodzaza, wosachedwa kupsa mtima komanso wosachedwa kuiwala. Mwana sanakhale naye. Achibale a kuchimuna anayankhula zambiri, ena mpaka kuwasonyeza alamu atsikana, koma alamu ankangomvetsera atapinda manja kumbuyo n'kuyankha kuti amva. Umu ndi momwe ankayankhiranso mabwana awo. Mayi wa nyumba akawauza kuti nyama iphikidwe mwakutimwakuti, iwo ankati, "Chabwino, amayi," n'kukaphika momwe akudziwira iwowo.

Chimene chinalumikiza anthu awiriwa ndi tiyi. Kwathu tili ana, tiyi anali wa akuluakulu. Ife tinkapatsidwa wotsala m'poto, wozizira, atamuwonjezera madzi. Achemwali atayamba kuphunzira kusoka pafupi ndi nyumba imene alamu ankagwirako ntchito, mnyamata uja anayamba kumawapatsira kapu ya tiyi pa geti la kuseri, akuthamanga nayo kuchokera kukhitchini kuti isazizire. Achemwali ankakonda kunena kuti tiyi woyamba wotentha pa moyo wawo anamulandira m'manja mwa munthu ameneyu, ndipo atapsa lilime anadziwa kuti wapezeka mwamuna.

Atakwatirana zinapitirira chomwecho. M'mawa uliwonse, asanakwere njinga kupita kuntchito, alamu ankakoleza mbaula, kutereka ketulo, kudikira ibwate mpaka chivindikiro chiyambe kuvina, kenako kuthira m'kapu yachitsulo n'kuthamangira nayo kuchipinda. Achemwali ankagwira kapuyo ndi nsonga ya nsalu, n'kuyamba kupsontha nthunzi ili tolotolo. Ukawauza kuti adikire pang'ono ankati tiyi wofunda ndi madzi otsukira mbale. Pamakina paja ankamwanso wina masana, wina madzulo, onse a moto womwewo. Ine ndikayesa kulawa ndinkalavula, iwo n'kumandiseka kuti ndili ndi pakamwa pa khanda.

Nyumba iliyonse imene alamu anaphikamo inawasiyira nzeru yake. Anaphikira banja lina limene linkasunga masamba m'mitsuko ya mchere mpaka kununkha, ndipo nsomba yawo inali youma ndi mchere wokhawokha. Anaphikira lina limene tsiku silinkayamba popanda soseji ndi nyama yofukiza ndi utsi, ndiwo zamasamba n'kumangoika kakang'ono pambali ngati chokongoletsa mbale. Panalinso banja lina limene ankalikonda kwambiri, lochokera kudziko lina la m'mphepete mwa nyanja yamchere. Awa chilichonse ankathira mafuta a azitona, ndipo chakudya chawo chinali tomato, adyo, nyemba, nsomba ndi zipatso. Bambo wa mwini nyumbayo anabwerako kudzacheza, nkhalamba yothothoka tsitsi lonse, koma alamu anaiona ndi maso awo ikukwera makwerero kukathyola mandimu.

Kenako anagwa m'manja mwa dokotala wina wofufuza za matenda. Ameneyu sankabaya jakisoni kapena kupereka mankhwala. Ntchito yake inali kuwerengera anthu odwala khansa ndi kufunsa zimene amadya. M'chipinda chodyeramo anapachika mapu a dziko lonse lapansi, angapo, alionse a khansa yakeyake: ena a m'mimba, ena a m'matumbo, ena a chiwindi, ena a kummero. Dziko limene nthendayo ndi yochuluka linali lopakidwa mtundu wakuda bii, kumene ili yochepa kunali kotuwa. Alendo akabwera kudzadya, dokotala uja ankaimirira ndi foloko m'manja n'kumaloza, alamu ali kumbuyo ndi thireyi, makutu ali tcheru.

Zimene ankatola kumeneko ankabwera nazo kunyumba ngati nkhani zoseketsa. Ankatiuza kuti kumene amakonda zamchere zosungidwa m'mitsuko, khansa imakonda m'mimba. Kumene amadya soseji ndi nyama yofiira tsiku ndi tsiku, imakonda m'matumbo. Kumene anthu amadya mbewu ndi mtedza zochita nkhungu chifukwa chosowa pozisunga pouma, imapita kuchiwindi. Anali ndi mawu awoawo omangira nkhaniyi, oti mtundu uliwonse umakumba manda ake ndi supuni yake. Ine ndinkawafunsa kuti nanga osadya kalikonse amafa ndi chiyani, iwo n'kundiuza kuti ndizisamala za tsitsi.

Tsiku lina anatiuza kuti pa mapu a khansa ya kummero, dera lathu lino ndi limodzi mwa madera akuda kwambiri. Anati dokotala watchula utsi, mowa, fodya, kusowa kwa zipatso, komanso kumwa zinthu zotentha kwambiri. Ankanena izi akuthira tiyi. Achemwali anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kunena kuti dokotala ameneyo akhale ndi mapu ake, iwo akhala ndi kapu yawo. Alamu nawonso anaseka. Tonse tinaseka, ndipo nkhaniyo inaiwalika kwa zaka zambiri, dokotala uja mpaka anabwerera kwawo ndi mapu ake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chinayamba ndi buledi. Achemwali ankati buledi wa masiku ano ndi wouma, akumaima pachifuwa, ndipo ankamukankha ndi tiyi. Kenako anayamba kusiya nyama m'mbale, munthu amene ankaphwanya mafupa ndi mano. Ine sindinaone msanga chifukwa anali osoka. Diresi likayamba kukula ankalibweza okha pamakina, mwaluso, moti nthawi zonse zovala zinkawakwana bwinobwino. Ndinadzazindikira tsiku limene anabwera kuti ndiwaluke. Atakhala pansi pakati pa miyendo yanga, ndinaona mafupa a kumbuyo kwa khosi atatuluka ngati mfundo za chingwe. Mawa lake ndinapita pakhonde paja ndipo pansi pa makina ndinapezapo kachitini kovindikira ndi kansalu. Ndinakavundukula. Munali malovu ndi timagawo ta chakudya chimene chinakana kutsika.

Tinawakokera kuchipatala akukana. Tinayenda maulendo ambiri, kukhala pa mabenchi mpaka matako kuuma, kutumizidwa khomo ili ndi khomo ilo. Potsiriza anawalowetsa kachingwe kokhala ndi diso kummero, ndipo dokotala wachinyamata wa maso otopa anatiitanira m'kachipinda. Anati ndi khansa ya kummero ndipo yakula kale moti singachotsedwe. Chimene akanatha ndi kuika kapaipi mkati kuti chakudya chizidutsa kwa kanthawi, ndi kupereka mankhwala ochepetsa ululu. Achemwali anangofunsa ngati angapitirize kusoka. Alamu anaimirira pafupi ndi chitseko manja ali kumbuyo, ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedezeka ngati munthu amene akuwerenga chinthu chopachikidwa pakhoma, pomwe pakhomapo panalibe kanthu.

Titafika kunyumba, chinthu choyamba chimene anachita ndi kutenga ketulo ija. Anakhuthula madzi, kuipukuta, kukwera pampando n'kuiika pamwamba pa wadirobu, kumbuyo kwa masutikesi. Shuga anapatsa anansi. Mchere anangosiya kakang'ono m'kabotolo. Kenako anatiuza, ine ndi achemwali, kuti akukumbukira bwino mapu aja. Dziko la banja lija la mafuta a azitona linali lotuwa pa mapu a kummero, lotuwa ngati pepala. Iwo zophika za kumeneko amazidziwa zonse, anaziphika zaka zambiri, ndipo nkhalamba yokwera makwerero anaiona okha.

"Kuyambira lero nyumba ino yasamuka," anatero. "Ndege sitingakwanitse, koma poto tili naye."

Ndinaganiza kuti ndi mawu a munthu wosokonezeka ndi chisoni, adzatha okha. Ndinali ndisanawadziwe alamu anga. Anagulitsa njinga n'kuyamba kuyenda wapansi kupita kuntchito, kuti apeze botolo la mafuta aja kusitolo kumene amagula mabwana. Ankadzuka kukacha n'kuviika nyemba, kuzisenda imodziimodzi, kuziphika mpaka kusungunuka, kuzisefa. Tomato ankamusenda khungu ndi kumuchotsa njere. Nsomba ankaiwiritsa ndi adyo n'kuisinja, n'kuifufuza ndi zala kuti musatsale kamunga. Chilichonse ankachidikira chizizire, kuchiyesa pa dzanja ngati mkaka wa mwana, kenako kuthira pamwamba supuni ya mafuta obiriwira aja. Kunena zoona, nyumba inkanunkhira ngati hotela. Anansi ankadutsa pang'onopang'ono pawindo n'kumati achemwali ali ndi mwayi.

Mwayi wake ndinkauona ine, chifukwa masana alamu ali kuntchito ndine ndinkakhala nawo. Tomato uja ankawawotcha pachilonda. Adyo ankawabwerera mpaka madzulo. Mafuta aja ankati akumveka ngati akumwa a makina osokera. Koma alamu akakhala patsogolo pawo ndi supuni, maso ali pakamwa pawo, achemwali ankatsegula pakamwa n'kuyamikira kuti zakoma. Mwamuna akatembenuka kukatsuka mbale, ankakoka kachitini kaja pansi pa bedi. Ndinawafunsa chifukwa chimene sakuwauzira zoona. Anandiyankha kuti munthuyo watsala ndi poto yekhayo, ndiye akamulanda agwira chiyani.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene ankapempha, tiyi wawo. Sankapempha nyama, sankapempha kupita kwa asing'anga kapena kwa aneneri monga ankalangizira anthu. Ankangofuna kapu yachitsulo ija, shuga wokwanira, nthunzi ikutuluka. M'mawa uliwonse ankapempha, ndipo m'mawa uliwonse alamu ankabweretsa tambula ya madzi ofunda ofinyiramo ndimu. Nthawi zina, akafewa mtima, ankabweretsa tiyi wopanda shuga amene wakhala pawindo mpaka kuzizira. Achemwali ankamuyang'ana n'kutembenukira kukhoma. Zimenezi zinkandiwawa kuposa kuwonda kwawo, ndipo ndinayamba kudana ndi alamu anga chidani chenicheni.

Tsiku lina ndinaphika tiyi kwanga, wa moto, ndinamuthira m'fulasiki n'kubisa m'chikwama pansi pa meshi ndi zipeso. Mwatsoka tsiku limenelo alamu anali asanachoke. Mphuno ya wophika simungaibisire kanthu. Ndisanakhale n'komwe pansi anandifunsa chimene chili m'chikwama. Anatenga fulasiki ija mwaulemu, ndi manja awiri, kutuluka nayo panja n'kukhuthulira mu ngalande. Nthunzi inakwera, fungo n'kulowa mpaka kuchipinda, ndipo ndinamva achemwali akuitana dzina langa ndi mawu otsika.

Pamenepo ndinamasula pakamwa. Ndinawauza kuti ndi wankhanza, kuti akuyesera nzeru za mabwana pa m'bale wanga ngati khoswe woyeserapo mankhwala, kuti moyo wawo wonse akhala akutola nyenyeswa za nkhani za eni patebulo n'kumadziona ngati dokotala. Ndinawauza kuti munthu akufa ndipo akumumana chinthu chimodzi chokha chimene akupempha. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze. Anansi anatuluka m'nyumba zawo. Alamu anangoima ndi fulasiki yopanda kanthu m'manja mpaka mpweya unandithera.

"Mlamu," anatero, motsitsa mawu kuti a m'nyumba asamve, "munthuyu kwanu ankamwa tiyi wozizira. Wotentha anamuphunzitsa ndani? Ndinamva ndi makutu anga dokotala wa mapu uja akunena, ndinabwera kudzaseka, m'mawa mwake ndinaterekanso ketulo. Zaka zonsezi ndakhala ndikuthamanga nayo kuti isazizire. Ndiye mukufuna ndimalizitse ndi dzanja lomweli?"

Ndinatenga fulasiki yanga n'kulowa m'nyumba. Achemwali anandiyang'ana m'manja, kenako kumaso.

Panali namwino wina wachikulire amene ankayendera odwala otere m'makomo, kubweretsa mankhwala a ululu. Ndinamutsina khutu za nkhaniyi, ndipo tsiku lina anakhala nawo pansi alamu pakhonde, ine ndikumvetsera pawindo. Sanawanyoze. Anati zimene alamu anamva kwa dokotala wa mapu uja si zabodza, mayiko amasiyanadi pa khansa ndipo zakudya zili ndi mbali yake. Koma mapu amenewo amakamba za mitundu ya anthu, miyandamiyanda, ndi zimene akhala akudya kuyambira ali ana. Sakamba za mayi mmodzi amene wagona m'chipindamo. Anati ngakhale anthu osamukadi ndi ndege, kawirikawiri nthenda za kwawo amapita nazo m'thupi, ndipo amene amadzasintha kwenikweni ndi ana awo ndi adzukulu. Chakudya chingathandize kupewa, koma sichibweza chotupa chimene chakula kale.

Anawauzanso kuti palibe munthu, ngakhale dokotala wa mapu uja, amene angaloze chala n'kunena kuti mayi awa anadwala chifukwa cha tiyi. Alipo omwa wa moto mpaka kukalamba osadwala, aliponso odwala amene sanamwepo. Pali utsi wa mbaula, pali zimene munthu anabadwa nazo, pali zina zimene ofufuzawo mpaka pano akusakasaka. Potsiriza anawagwira pa bondo n'kunena kuti nthawi yatsala pang'ono, choncho chilichonse chimene wodwala akufuna ndipo chingadutse, apatsidwe.

Alamu anamvetsera zonse mutu uli pansi, manja ali kumbuyo. Atamaliza namwino uja, iwo anati, "Chabwino, amayi." Ine pawindo paja mawu amenewo ndinkawadziwa. Madzulo a tsiku lomwelo ndinawapeza akusenda nyemba.

Sindikufuna kuwanamizira. Munthu uja anavutika kuposa tonsefe. Ntchito inawathera chifukwa chojomba, ndipo sanadandaule. Ankachapa zofunda, kukhuthula kachitini, kuwatembenuza achemwali kuti asachite zilonda. Kapaipi kaja, kamene madokotala anawaika kummero, katayamba kutsekeka, anasiya sefa n'kuyamba kusefera pa kansalu koyera, kawiri, katatu, mpaka supu kukhala ngati madzi. Ankakhulupirira kuti akangopeza kasefedwe koyenera, dziko lija lilowa m'thupi mwa mkazi wawo. Makina osokera tinali titawabweretsa kunyumba, ndipo anali pakona atafunditsidwa nsalu. Madiresi panalibenso wowabweza, moti achemwali ankangosowa m'kati mwake.

Kenako ngakhale madzi anayamba kubwerera. Tinkangowanyowetsa milomo ndi thonje. Kuchipatala anati palibenso chimene angachite kupatula kuwonjezera mankhwala a ululu, ndipo achemwali anakana kugonekedwa. Mawu awo anali atasanduka kanong'onong'o, moti kuti umve unkayenera kuika khutu pafupi ndi pakamwa.

M'mawa wina dzuwa litalowa kale pawindo, alamu anabwera ndi kambale ka supu monga mwa masiku onse. Achemwali anatukula dzanja n'kukankha supuni pang'onopang'ono. Anawakodola kuti awerame. Ine ndinali kumiyendo kwa bedi, koma m'chipindamo munali chete moti ndinamva.

"A Khukhi, mwandiyendetsa mokwanira. Dziko lanulo ndaliona, ndi labwino. Tsopano ndibwezereni kwathu."

Alamu anaweramuka. Kenako anaika kambale pansi, kukoka mpando, kukwera, n'kuyamba kusuntha masutikesi. Ketulo inatsika ili ndi fumbi ndi ukonde wa kangaude pa mlomo. Anaitsuka ndi phulusa mpaka kuwala. Shuga anakapempha kwa anansi omwe aja anawapatsa. Ndinawamva akukupiza mbaula panja, kenako chivindikiro chinayamba kugogoda, phokoso limene nyumba ija inali itaiwala. Achemwali anatsegula maso n'kumwetulira, ndipo anandiuza kuti ndiwakhazike tsonga.

Alamu analowa akuthamanga ndi kapu yachitsulo ija, ngati kale. Ndinawathandiza achemwali kugwira kapu ndi nsonga ya nsalu, manja anga ali pansi pa awo chifukwa inkawalemera. Anaika nkhope pa nthunzi n'kutseka maso. Anakoka fungo kwa kanthawi. Kenako anapsontha kakang'ono, kochepa kuposa supuni. Tinaona pakhosi pakuyesa, kuyesanso. Tiyi uja anabwerera, wina pakamwa wina m'mphuno, n'kutsikira pa diresi. Anatsokomola mpaka thupi lonse kunjenjemera, ine ndikuwapukuta.

Madzi akatayika saoleka. Miyezi yonse ija pamene kapaipi kanali kotseguka, tiyi akanadutsa. Ndinayang'ana alamu ndipo ndinaona kuti nawonso akuganiza zomwezo.

Chifuwa chitatsika, achemwali anakankhira kapu ija kwa mwamuna wawo.

"Mundimwere," anatero. "Musauzire. Ndimve."

Alamu anakhala pansi m'mphepete mwa bedi. Aka kanali koyamba kuwaona akuika kanthu pakamwa atakhala. Anamwa tiyi uja momwe ankamwera achemwali, mopsontha, mwaphokoso, misozi ikutsikira m'kapu momwemo. Sindikudziwa ngati inali ya kupsa kapena ya chisoni. Achemwali anatsamira paphewa langa maso ali otseka, akumvetsera mpaka kapu inatha, ndipo ananong'ona kuti ameneyo ndiye tiyi. Anamwalira sabata yomweyo, masana, alamu ali panja akuyanika zofunda.

Papita zaka tsopano. Alamu sanabwererenso kophikira alendo. Amakazinga mazira ndi kuphika tiyi pa kakantini kena pafupi ndi pokwerera mabasi, ndipo za mayiko a eni anasiya kukamba. Makasitomala amangodabwa kuti munthu wokalambayu tiyi wawo amamupereka wofunda, ndipo ukadandaula amakuuza kuti upite kantini ina. Amakhalabe m'nyumba yomwe ija, okha. Makina osokera ali pakona pomwe paja. Pa shelefu pali botolo la mafuta a azitona lotsala theka, mafutawo anachita kale mtambo, koma salola kuti ndilitaye.

Ine ndimadutsako m'mawa ndisanakatsegule pamalo panga. Timakanganabe, za mvula, za andale, za mmene ndimalukira ana a masiku ano. Amatereka ketulo ija n'kuthira makapu awiri. Wanga amamutsanulira uku ndi uku m'makapu awiri mpaka nthunzi ithe, amamuyesa pa dzanja, ndiye n'kundipatsa. Ndikati ndikufuna wotenthako amakhala ngati sanamve. Wawo amathira m'kapu yachitsulo ija kuchokera pamoto, n'kukhala pansi m'mphepete mwa bedi, n'kumwa osauzira.

Ndinawakalipirapo. Ndinawafunsa kuti inu amene mumadziwa mapu onse, amene munakhuthula fulasiki yanga mu ngalande, mukuchita chiyani. Anandiyankha kuti namwino uja ananena kuti palibe angaloze chala pa tiyi. Ndinawauza kuti mawu amenewo akuwakumbukira mochedwa, ndiponso si chifukwa chake akumwera choncho, asandipusitse. Sanatsutse. Anangoti iwo anayenda mokwanira, ndipo mkazi wawo anawasiya m'dziko lino.

Ngati ndi tiyi kapena si tiyi, ine sindikudziwa, ndine woluka tsitsi. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndinaona mwezi wathawu. Anatenga chidutswa cha buledi n'kuchiviika m'kapu nthawi yaitali, mpaka kufewa ngati phala. Atachiika pakamwa anameza kawiri, dzanja lili pachifuwa, maso akuyang'ana kumbali kuti ndisaone. Ndinawafunsa. Anati buledi wa masiku ano ndi wouma. Lamba wawo ndinamuyang'ananso, ndipo ali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali.

Sindinakalipe. Ndinaika kapu yanga pansi n'kuwapempha, mwaulemu umene sindinawapatsepo chikwatirireni m'bale wanga. Ndinawauza kuti matendawa akapezeka msanga madokotala amakhala ndi pogwira, kuti mwina si chimenecho n'komwe, kuti ndidzatseka pamalo panga n'kupita nawo ndekha, ndidzakhala nawo pa mabenchi paja. Ndinawauza kuti m'banja lathu atsala ndi iwo okha oti ndizikangana nawo.

Anamvetsera zonse mutu uli pansi. Kenako anaimirira, kutolera makapu onse awiri, n'kuima pakhomo ndi nkhope yofatsa ija ya kutsogolo kwa mabwana.

"Chabwino, amayi," anatero, n'kupita kukatsuka makapu.